Wachoka pa naiti, mayeso akumudikira

Ikamakwana 4:30 madzulo, maofesi a ku City Centre amayamba kukhuthula anthu. Ku Area 13 alonda amakhala akukoka zitseko, ogwira ntchito m'boma akutsika ku Capital Hill, ndipo pamasiteji pamadzaza anthu olimbirana maminibasi a ku Area 25, Kawale ndi Area 23. Kwa iwowa tsiku latha. Koma kamtunda pang'ono kuchoka pamenepo, cha kumsewu wa Mzimba, pali achinyamata ena omwe nthawi yomweyo akungosita kumene yunifolomu. Awa ndi ophunzira unamwino ndi uzamba omwe maina awo agwera pa naiti. Ena akulowera ku Kamuzu Central Hospital, ena akutsikira ku Bwaila ku Old Town, ndipo adzatuluka m'wodi mawa dzuwa litakwera kale.

Chomwe chimalamula moyo wawo m'masabata amenewa ndi pepala limodzi lomatidwa pakhoma la ofesi ya sista wamkulu wa wodi. Pepalalo ndi rosita. Lili ndi maina kumanzere, masiku pamwamba, ndipo m'timabokosi muli zilembo zosonyeza amene ali masana, amene ali usiku ndi amene ali pa ofu. Wolemba rosita amayang'ana chinthu chimodzi chachikulu, choti wodi isakhale yopanda munthu. Tsiku lomwe wophunzira akuyenera kupereka asayimenti, kapena sabata yomwe mayeso akuyamba, sizioneka papepalapo. Zimenezo zili papepala lina, kusukulu, m'manja mwa anthu ena. Mapepala awiriwa akapanda kuonana, amene amalipira ndi wophunzira, ndipo amalipira ndi tulo take.

M'zipatala zambiri zaboma, ntchito yamasana imayamba cha m'ma 7:30 m'mawa n'kutha chakumadzulo, ndipo a naiti amatenga kuyambira pamenepo mpaka m'mawa mwake. Ukawerengetsa, usiku umodzi umakwana maola 14 kapena 15, osaphatikizapo nthawi yopereka ripoti kwa olowa m'mawa, yomwe imatalika ngati usikuwo kudagwa zovuta. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati maola ogwira ntchito pasabata asapitirire 48. Munthu akachita manaiti anayi otsatizana a maola 15, wakwanitsa maola 60. Wophunzira si wolembedwa ntchito, salandira malipiro, choncho kawirikawiri palibe amene amamuwerengera maola m'njira imeneyi. Komabe thupi lake limatopa chimodzimodzi ndi la namwino wapamalipiro, ndipo iye akafika kuhositelo amapeza mabuku akumudikira.

Anthu ambiri amaganiza kuti wophunzira akapita kuchipatala ndiye kuti za m'kalasi zaima. Sizili choncho. M'makoleji ambiri chaka chimagawidwa m'zigawo, masabata ena m'kalasi, masabata ena m'wodi, koma masabata a m'wodi ali ndi katundu wawo wolemba. Wophunzira amasankha wodwala mmodzi, kumutsatira kuyambira tsiku logonekedwa, n'kulemba mwatsatanetsatane za matenda ake, mankhwala ake ndi chisamaliro chomwe walandira. Ali ndi buku lomwe amalembamo luso lililonse lomwe wachita, monga kuika dripi, kubaya jakisoni, kutsuka bala kapena kuyeza mayi woyembekezera, ndipo pamafunika siginecha ya namwino yemwe adamuona akuchita. Pali mayeso a manja, pomwe amayenda pamalo osiyanasiyana kusonyeza maluso mphunzitsi ataima pambali ndi wotchi. Wa chaka chomaliza pa digiri amakhalanso ndi kafukufuku wake. Masabata a m'wodi akangotha, mayeso a semesita amakhala ali pakhomo. Wolephera amalemba sapu, wolepheranso amabwereza chaka kapena kuwidedwa kumene. Ndipo kutsogolo kwa zonsezi kuli mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1966, omwe popanda kuwakhoza munthu sangagwire ntchito ya unamwino m'dziko muno.

Kuti timvetse chifukwa chake wophunzira adasanduka mzati wa rosita, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kamuzu Central Hospital idatsegulidwa mu 1977, ndipo Kamuzu College of Nursing idabwera mu 1979 ngati nthambi ya University of Malawi. Kuyandikana kwa sukuluyi ndi chipatala kudali ndi cholinga chabwino, choti zomwe munthu wamva m'kalasi akazione ndi maso pafupi pomwepo. Mu 2021 kolejiyi idaphatikizana ndi College of Medicine n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Pakatipa padadutsa zaka zowawa. Edzi idadzaza mawodi ndipo idatenganso anamwino ambiri, ena adapita kukagwira ntchito ku Britain. Pofika mu 2004 zinthu zidafika poipa moti boma, mothandizidwa ndi Britain komanso Global Fund, lidayambitsa ndondomeko yapadera yoonjezera ogwira ntchito zaumoyo. Malipiro a magulu 11 a ogwira ntchitowa adakwezedwa ndi 52 peresenti, ndipo makoleji, kuphatikizapo a mipingo omwe ali pansi pa CHAM, adauzidwa kuti azitenga ophunzira ochuluka.

Ndondomekoyi idathandiza, ndipo ambiri mwa anamwino omwe akutisamalira lero ndi zipatso zake. Koma chiwerengero cha ophunzira chidakwera msanga kuposa cha aphunzitsi owatsatira m'wodi, ndipo anthu m'dziko adapitirira kuchuluka. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, pafupifupi 1 miliyoni mwa iwo mumzinda wa Lilongwe. Bungwe la WHO limati dziko limafunika madokotala, anamwino ndi azamba osachepera 4.45 pa anthu 1,000 alionse. Ife sitinafike ngakhale namwino mmodzi pa anthu 1,000. Ku Bwaila kokha kumabadwa ana oposa 15,000 pachaka, kutanthauza ana pafupifupi 40 tsiku lililonse, ndipo mwana sasankha kubadwa masana. Kuzipatala zikuluzikulu za mumzindawu kumakumana ophunzira ochokera m'masukulu osiyanasiyana, poti m'boma la Lilongwe mulinso Daeyang ndi Nkhoma. Masana amatha kuunjikana pa wodwala mmodzi. Usiku, pomwe anamwino amakhala ochepetsetsa, wophunzira aliyense yemwe alipo amakhala dzanja lofunika kwambiri.

Izi si zongomva m'maminibasi. Mu 2014 Gladys Msiska wa ku Kamuzu College of Nursing, pamodzi ndi Pam Smith ndi Tonks Fawcett a ku University of Edinburgh, adafalitsa kafukufuku yemwe adachita pocheza ndi ophunzira unamwino a digiri m'Malawi. Ophunzirawo adafotokoza za kusowa kwa zipangizo, kusowa kowayang'anira, komanso kugwiritsidwa ntchito potseka mipata ya anamwino omwe kulibe. M'kafukufukuyu adayerekezedwa ndi nkhosa zotayika. Mu 2020 Balwani Mbakaya ndi anzake adafalitsanso zomwe adapeza atafunsa ophunzira unamwino ndi uzamba za malo omwe amaphunzirira ntchito, ndipo nkhani ya kuchepa kwa owayang'anira ndi zipangizo idatulukanso. Tsono ngati aphunzitsi amavutika kufika m'wodi masana, ndi angati omwe angafikemo 2 koloko usiku?

Ambirife timatenga tulo ngati chinthu chomwe munthu wakhama angathe kudula osaluza kanthu. Kumasukulu ogonera konkuno tidakula tikutamanda woviika mapazi m'madzi ozizira kuti awerenge mpaka mbandakucha. Sayansi ikunena zosiyana. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, adafalitsa mu magazini ya Nature zomwe adapeza atayerekeza anthu osagona ndi anthu omwa mowa. Munthu akakhala maso maola 17, manja ndi maso ake amagwira ntchito ngati a munthu yemwe ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Akafika maola 24, amafanana ndi wa 0.10 peresenti, mlingo woposa womwe mayiko ambiri amalola woyendetsa galimoto.

Taganizirani mtsikana yemwe akuyamba naiti yake yoyamba. Wadzuka 6 koloko m'mawa monga mwa masiku onse, wachapa, walemba pang'ono, wayesa kugona masana koma kunja kukutentha ndipo anzake a m'chipinda akulowa n'kutuluka. Pofika 11 koloko usiku wakwanitsa maola 17 ali maso. Pofika 6 koloko m'mawa, nthawi yoyeza odwala, kugawa mankhwala ndi kukonza ripoti, wakwanitsa maola 24. Ndi nthawi imeneyo pomwe akuyenera kuwerenga bwino dzina la mankhwala pafayilo ndi kuwerengetsa madontho a dripi. Kafukufuku wa Ann Rogers ndi anzake ku America mu 2004, yemwe adatsatira anamwino 393, adapeza kuti mwayi wolakwitsa umakwera pafupifupi katatu namwino akagwira maola 12.5 kapena kuposerapo. Amenewo adali anamwino odziwa kale ntchito. Wathuyu akuphunzira kumene.

Pa nkhani ya magiredi, chopweteka kwambiri ndi chomwe kusagona kumachita ku mphamvu ya ubongo yosunga zatsopano. Mu 2007 Matthew Walker ndi anzake adaonetsa zithunzi kwa anthu omwe adagona bwino ndi ena omwe adachezera usiku wonse. Patapita masiku awiri, onse atapuma, ochezera aja adakumbukira zochepa, ndipo makina ounika ubongo adasonyeza kuti gawo lotchedwa hippocampus, lomwe limalandira zinthu zatsopano, lidagwira ntchito mofooka pomwe ankaonetsedwa zithunzizo. Tanthauzo lake n'lakuti wophunzira yemwe wachoka pa naiti n'kukakhala mulaibulale maola atatu akhoza kutsegula masamba ambiri, kulemba manotsi, kudzimva kuti walimbikira, koma zambiri osakhazikika. Ali ngati wotunga madzi ndi dengu. Ndipo vutoli limagwiranso zomwe waona m'wodi usiku womwewo, zomwe ndiye cholinga chomutumizira kumeneko.

Kafukufuku wina yemwe oyendetsa makoleji athu akuyenera kumudziwa adachitika ku Massachusetts Institute of Technology ndipo adafalitsidwa mu 2019. Kana Okano ndi anzake adaveka ophunzira a kalasi imodzi timawotchi ta Fitbit kwa semesita yonse kuti aone momwe amagonera. Adapeza kuti kutalika kwa tulo, ubwino wake komanso kugona nthawi yofanana tsiku ndi tsiku zidafotokoza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kusiyana kwa magiredi. Chodabwitsa chidali chakuti kugona bwino usiku umodzi wokha mayeso ali mawa sikudasinthe kanthu. Chomwe chidathandiza ndi tulo ta masabata omwe munthu ankaphunzira zinthuzo. Choncho kupatsa wophunzira tsiku limodzi lopuma pakati pa naiti yomaliza ndi mayeso n'kuchedwa nako. Ndiponso rosita yomwe imamuponya masana lero, usiku mkuja, masana kachiwiri sabata yamawa, imaononga chinthu chenichenicho chomwe kafukufukuyu adachipeza chofunika, kugona nthawi yofanana.

Katunduyu salemera mofanana kwa onse. Wokhala kuhositelo ya pafupi ndi chipatala amayenda pang'ono n'kudziponya pabedi. Yemwe malo adamusowa ndipo akuchita lendi ku Kawale, ku Mchesi kapena ku Chinsapo amayamba wadikira minibasi kapena kukwera kabaza, kufika kunyumba dzuwa lili pamutu, m'nyumba ya malata yotentha, ana a aneba akusewera pazenera, mwina madzi kulibe ndipo akuyenera kukatunga. Mwana wa ku Area 10 kapena Area 43 akhoza kutengedwa pagalimoto n'kukagona m'chipinda chake chokha. Onsewa adzalemba pepala limodzi, ndipo wochonga sadzadziwa kuti wina adagona maola asanu ndi awiri pomwe mnzake adagona atatu.

Palinso gulu lina lomwe siliyankhulidwa kawirikawiri. Awa ndi anamwino omwe adayamba ndi dipuloma ya zaka zitatu, adagwira ntchito, ndipo abwerera kusukulu kukatenga digiri. Ambiri ndi amayi ndi abambo apabanja. Fizi yawo, fizi ya ana ndi lendi zimawakakamiza kugwira lokamu, ntchito yapadera yolipidwa pa shifiti, nthawi yomwe akadapuma kapena kuwerenga. Ku Australia, Yenna Salamonson ndi Sharon Andrew adapeza mu 2006 kuti ophunzira unamwino omwe ankagwira ntchito yolipidwa maola oposa 16 pasabata ankakhoza mocheperapo, ngakhale ntchitoyo idali ya unamwino womwewo. Manaiti awiri a lokamu kwathu kuno apitirira kale malire amenewo. Sindingamuuze mayi wotere kuti asiye lokamu, poti ndiyo ikumulipirira sukuluyo. Koma koleji yomwe yamulandira ikuyenera kudziwa kuti ndi mmene akukhalira, n'kukonza ndondomeko yake ikudziwa zimenezo.

Anamwino akale akamva zoterezi amayankha kuti nawonso adadutsa momwemo ndipo adakhoza. Ena amaonjezera kuti wophunzira yemwe sadalaweko naiti adzathawa ntchito akadzalembedwa. Pali choona m'mawu amenewa ndipo sindikuchipeputsa. Usiku uli ndi maphunziro ake omwe masana sangapereke. Madokotala amakhala ochepa, labotale imayankha mochedwa, magadiyani agona pansi m'mbali mwa mabedi, ndipo namwino amayenera kuona yekha kuti kupuma kwa wodwala wa pakona kwasintha. Ku leba, wophunzira uzamba amafunika kukwanitsa chiwerengero choikika cha amayi omwe wawathandiza kuchira, ndipo usiku, pomwe ophunzira anzake ndi ochepa, ndi pomwe mwayi umapezeka. Ambiri amachita kupempha okha naiti pachifukwa chimenechi. Palibe wanzeru yemwe anganene kuti ophunzira asamagwire usiku.

Funso ndi lakuti naitiyo yakonzedwa kuti wophunzira aphunzire kapena kuti wodi ipeze dzanja laulere. Kusiyana kwake kumaoneka msanga. Pa naiti yophunzirira pamakhala namwino yemwe akudziwa kuti usiku uno ali ndi wophunzira, akudziwa chaka chomwe ali ndi zomwe akuyenera kuona, ndipo amapeza mphindi zomufunsa chifukwa chomwe wachitira chakutichakuti. Pa naiti yotseka mpata, wophunzira amathamanga usiku wonse kuyeza BP, kusintha madripi, kukankha machira, ndipo m'mawa amachoka miyendo itatupa, m'buku lake mulibe siginecha yatsopano ngakhale imodzi. Choopsa china n'chakuti pomwe palibe womuongolera amatengera njira zachidule zomwe waona, zomwe pa mayeso a manja zimamudyera malikisi, ndipo pambuyo pake zingadzapweteke wodwala. Sindikuloza chala masista omwe amalemba marosita. Munthu yemwe wapatsidwa wodi yodzaza ndi anamwino awiri a usiku alibe kochitira kwina. Mlandu uli pa dongosolo lomwe lidazolowera kuwerengera ophunzira ngati gawo la antchito.

Britain idalimbana ndi vuto lomweli. Kwa zaka zambiri ophunzira unamwino kumeneko adali antchito a chipatala, ndipo mawodi ambiri usiku ankayendetsedwa ndi iwo. Kusintha komwe kudatchedwa Project 2000, komwe kudayamba kugwira ntchito mu 1989, kudasamutsira maphunzirowa m'masukulu a ukachenjede n'kukhazikitsa mfundo yoti wophunzira asamawerengedwe pa chiwerengero cha anamwino ofunika pa shifiti. Mpaka lero amagwira usiku ndi Loweruka lomwe, koma ngati woonjezera. Ngakhale kumeneko ophunzira amadandaula kuti mfundoyi imaphwanyidwa mawodi akapanikizika, komabe ali ndi poimira akafuna kudandaula. Ku America kudatengera imfa ya mtsikana Libby Zion m'chipatala china ku New York mu 1984 kuti anthu ayambe kufunsa za maola a madokotala ophunzira, ndipo mu 2003 malire a maola 80 pasabata adakhazikitsidwa m'dziko lonselo. Ife sitikuyenera kudikira maliro kuti tiyambe kuwerenga maola.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti mipata yomwe ophunzira akutseka ili ndi eni ake. Bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lakhala likudandaula kwa zaka zingapo kuti anamwino ambiri omwe adamaliza maphunziro ndi kukhoza mayeso a khonsolo ali pakhomo osalembedwa ntchito, pomwe zipatala zikulira kuchepa kwa antchito. Dziko lidawaphunzitsa, ena ndi ndalama za misonkho, kenako lidati ndalama zowalipira palibe. Ndiye m'wodi muli wophunzira wa chaka chachitatu yemwe akugwira ntchito ya munthu yemwe ali ku Area 36 kugulitsa zovala za kaunjika podikira intavyu. Wophunzirayo akuluza tulo ndi malikisi, namwino wosalembedwa ntchitoyo akuluza luso lomwe adaliphunzira movutikira. Kulemba ntchito anamwino amenewa ndiye mankhwala enieni, ndipo chimenecho chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo ndi wa Zachuma.

Koma pali zina zomwe sizidikira bajeti. Khonsolo ya anamwino, yomwe imavomereza makoleji ndi malo ophunzirirako ntchito, ingathe kulemba momveka bwino malire a manaiti otsatizana omwe wophunzira angagwire, maola opuma asanabwerere m'wodi kapena m'kalasi, ndi mfundo yoti wophunzira asasiyidwe yekha ndi wodi. Makoleji angathe kuika manaiti onse a wophunzira pamodzi, kumayambiriro kapena pakati pa masabata a m'wodi, kutali ndi mayeso, m'malo mowamwaza. Tsiku lopereka asayimenti lingathe kusunthidwa kwa omwe ali pa naiti sabata imeneyo popanda wina kuluzapo kanthu. Kachipinda kokhala ndi mabedi awiri ndi chitseko chotsekeka, komwe wophunzira angagoneko mphindi 30 mosinthana ndi mnzake, sikafuna thandizo lochokera kunja. Anamwino omwe amaphunzitsa ophunzira m'wodi akuyenera kuzindikiridwa, kupatsidwa maphunziro ake, ndipo ena mwa iwo aziikidwa pa naiti dala pomwe pali ophunzira.

Ndipo makoleji ali kale ndi zida zodziwira kukula kwa vutoli pakati pa ophunzira awo. Marosita akale ali m'mafayilo a mawodi, malikisi ali mu ofesi ya mayeso. Mphunzitsi mmodzi ndi ophunzira awiri a chaka chomaliza angathe kutenga kalasi imodzi, kulemba manaiti omwe aliyense adagwira m'masabata anayi mayeso asanayambe, kulembanso komwe aliyense amagona ndi ngati amagwira lokamu, n'kuziika pambali pa zotsatira za semesita imeneyo. Zomwe zingatuluke azipite nazo ku msonkhano wa akuluakulu a koleji ndi mametroni a ku Kamuzu Central ndi ku Bwaila semesita isanayambe, kalendala ya mayeso ili patebulo, rosita isanalembedwe.